Palibe Lamulo Lowaletsa Amayi

Poiana Rece, 8 Januwale 2007

Mwana wanga Otilia,

Landira moni wochokera kwa ine bambo ako. Ndili bwino, kungoti bondo lija limandiuza za chisanu ndisanatsegule n'komwe chitseko. Kaya iwe kumeneko ku Iași? Ndalemba kalata poti pa foni paja ukudziwa, ndimangomva ngati munthu akulankhulira m'chitsime. Makina ochekera matabwa aja anandidyera makutu.

Kuno nkhani ndi imodzi basi, yakuti dziko lathu la Romania lalowa mu Mgwirizano wa Mayiko a ku Ulaya. Dzulo Toader wa nyumba yoyandikana nafe anafika kugolosale atamanga tayi pamwamba pa chijasi chake cha chikopa cha nkhosa, akuti, "Amuna inu, kuyambira lero muzindipatsa moni wa Chifalansa." Akutinso nkhumba ya pa Khirisimasi sitiloledwanso kungoibaya, tiziyamba taigoneka tulo ndi jakisoni. Ine ndinati, "Nanga nyimbo yogonekera mwana tiziiimbiranso?" Iye akuti, "Kafunse mwana wako, si ndiye wapatsidwa kuti aziphunzitsa zimenezi ku yunivesite?" Ndinanyada, sindikubisira.

Koma sindinalembere nkhumba. Pa wailesi yakanema anena kuti tsopano munthu atha kupita ku Italiya n'kubwerako ndi chitupa chokha, popanda womulanda pasipoti pa malire. Amayi ako mu Epulo akubwerayu akwanitsa zaka zinayi ali ku Padova, ku Italiya komweko. Nthawi yonseyi akhala akunena kuti sangabwere poti anapitirira miyezi itatu yololedwa ija, ndipo akangoponda kuno sadzawalolanso kutuluka. Ngati ndamva bwino, zimenezo zatha.

Uwafotokozere ndiwe. Ndikanena ine aziti ndamva mokhota ngati kale. Uwauze abwere pa Pasaka. Khitchini ndaifolera denga latsopano, ndipo kachasu wa maplamu sindinamulawe kuyambira chaka chimene anachoka, iwe ndiwe mboni yanga.

Undiyankhe msanga.

Bambo ako,
Gavril


Iași, 21 Januwale 2007

Amayi okondedwa,

Ndikupsompsona dzanja lanu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Mayi Ada amene mukuwasamalawo. Msana uja uli bwanji? Mukuwanyamulabe nokha powasambitsa?

Ine ndili bwino, koma mantha okhaokha. Mwezi wamawa ndiyamba kuphunzitsa ana a chaka chachiwiri chiyambi cha malamulo a Mgwirizano wa Ulaya. Akuluakulu a pano anaphunzira malamulo a nthawi yakale ija, ndiye akankhira ine poti ndinakakhalako chaka chimodzi ku Belijiyamu. Ophunzira ndi mazana awiri, mabuku a m'chilankhulo chathu ndi owerengeka. Ndaganiza zoyamba ndi funso ili: zimatheka bwanji kuti mayiko makumi awiri ndi asanu ndi awiri, ena mwa iwo anaphana pankhondo, agwirizane kumvera khoti limodzi? Kenako tidzafika pa zimene aliyense akudikira, zoti munthu azipita kumene akufuna.

Pamenepo ndi pamene pali nkhani yanu. Ababa andilembera, ndipo ulendo uno amva bwino. Palibenso amene angakulandeni pasipoti kapena kukuletsani kubwerera ku ntchito. Mutha kukwera basi, kudzadya nafe Pasaka, n'kubwerera. Amayi, zaka zinayi! Simunaone ngakhale pamene ndimakhala. Ndiuzeni tsiku, ndidzakuchingamirani pamene basi imatsitsira.

Mwana wanu,
Otilia


Padova, 4 Febuluwale 2007

Otilia, Tili wanga,

Kalata yako ndaiwerenga kanayi. Ndili bwino, msana ukuyesera. Mayi Ada masiku ano amandiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale, ine ndimangovomera.

Zoti njira yatseguka ndinazimva kale. Lachinayi masana, nthawi imene timapuma, akazi a kwathu timakumana ku paki, ndipo chiyambireni Januwale nkhani ndi ya mabasi ndi mphatso za adzukulu. Mnzanga wina anandifunsa, "Profira, iwe wagula tikiti ya liti?" Ndinati ndigula mawa. Ndinabwerera kunyumba osagula.

Ndi bwino ndilembe, pa foni sindikanatha. Sindibwera, Tili. Pa Pasaka ayi, pambuyo pakenso ayi. Usaganize kuti kuno kuli mwamuna, ndine wa zaka makumi asanu ndi zitatu ndipo ndatopa. Iwe unapita ku sukulu yogonera konko uli ndi zaka khumi ndi zinayi, zambiri sunazione, zina ndinkaziphimba ndi mpango ukabwera. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndinkamvetsera mmene bambo ako atsekera geti, kuti ndidziwe ngati ndibise mbale kapena ndibisale ineyo. Kuno ndili ndi kachipinda kongokwana bedi ndi mpando, ndimasintha matewera a munthu wamkulu, koma chitseko chikamenyeka ndimadziwa kuti ndi mphepo.

Unandiuza kuti anasiya kumwa. Ndikukhulupirira. Koma thupi langa uthenga umenewo silinaumve.

Mapepala aja anali khoma langa. Ndinkati lamulo likundiletsa, iwo n'kumatukwana lamulo, tonse n'kukhala pa mtendere. Tsopano khomalo aligwetsa anthu ofuna kutichitira zabwino. Ndikupempha chinthu chimodzi. Iwe amakukhulupirira kuposa wansembe. Uwauze kuti lamulo silinafike pa anthu ngati ine, adikire kaye. Akamva zoona abwerera ku botolo, adzagona m'chipale chofewa m'mbali mwa msewu, ine n'kukhala wowapha.

Usandide.

Amayi ako


Iași, 19 Febuluwale 2007

Ababa,

Ndikupsompsona dzanja lanu. Pepani pochedwa kuyankha, ntchito yachuluka. Bondo lili bwanji? Nkhuni zikufikitsani mu Malichi?

A Toader muwauze asade nkhawa, palibe wapolisi wochokera kunja amene adzabwere kudzasuzumira m'khola mwawo.

Za amayi, zinthu sizophweka ngati mmene a wailesi akunenera. Dziko likangolowa kumene mu Mgwirizano, mayiko akale amaloledwa kuika nthawi yodikira asanatsegule ntchito zonse kwa anthu a dziko latsopanolo. Zinalembedwa m'pangano lenilenilo. Ndiye amayi, poti anakhalitsa opanda mapepala, akabwera kuno mwina sangawalole kubwerera pa ntchito yawo. Ndi bwino adikire zaka ziwiri, mwinanso kupitirirapo. Musawakakamize mukamawalembera, nawonso zikuwawawa.

Mawa ndiyamba. Ndiziphunzitsa Lachiwiri lililonse m'mawa, m'holo yaikulu ya pansi. Mundipempherere.

Mwana wanu,
Otilia


Poiana Rece, 11 Malichi 2007

Mwana wanga,

Ndili bwino, kaya iwe. Ndamva zimene wanena. Zaka ziwiri si zambiri kwa munthu amene wadikira zinayi.

Mlamu wake wa Toader wabwera kuchokera ku Sipeni ndi masutikesi atatu, akuti abwereranso Pasaka ikatha. Ndiye Toader kugolosale, anthu onse akumva, akuti, "Gavril, wako uja wakwatiwa ndi Mtaliyana wophika makaroni, ungovomera." Ndinati, "Iwe chikwangwani cha basi chomwe umachiwerenga ndi chala, lero ukufuna kutsutsa mphunzitsi wa malamulo?" Anthu anaseka iyeyo. Ndinawafotokozera za nthawi yodikira ija bwinobwino, mawu ako ndinachita kuwaloweza.

Nkhosa ziwiri zaswa. Ubwere pa Pasaka, tisadye aliyense payekha.

Bambo ako


Iași, 25 Epulo 2007

Ababa,

Mwandichita zotani! Dzulo ndikutuluka m'kalasi, mlonda wa pakhomo akundipatsa chikwama, akuti, "Bambo wina wa chipewa chakuda wasiya ichi, akuti basi imusiya." Kutsegula, tchizi cha nkhosa, mazira okulunga m'nyuzipepala, ndi mtedza wa mumtengo wa kuseri kwa nyumba uja. Pa Pasaka tinakhala limodzi masiku atatu, simunandiuze kuti mubwera kutauni. Munabwera kuchipatala kodi? Akuti chiyani?

Bwanji osandidikira pang'ono? Tikanadya limodzi, ndikanakuonetsani holo yanga. Dzulo linali tsiku labwino, ana anafunsa mafunso mpaka nthawi inatha iwo asanathe. Poyamba paja ankangondiyang'ana ngati nkhuku zomva bingu. Tsopano akutsutsana okhaokha ngati n'koyenera kuti woweruza wa kuno asiye lamulo la dziko lake likasemphana ndi la Mgwirizano. Ndayamba kuikonda ntchitoyi.

Zikomo chifukwa cha tchizi. Ndilembereni za ulendo wanu.

Otilia


Iași, 20 Meyi 2007

Ababa,

Kalata yanga inafika? Mwezi watsala pang'ono kutha osamva kanthu. Ndinaimbira a Toader, akuti muli bwino, mumakhala kumunda wa mphesa kuyambira m'mawa, koma kugolosale simupitakonso ndipo akakupatsani moni mumangokweza dzanja. Mukudwala? Adokotala anakuuzani china chake chimene mukundibisira? Chonde, ngakhale mizere iwiri yokha.

Mwana wanu,
Otilia


Poiana Rece, 3 Juni 2007

Otilia,

Ndili moyo. Makalata ako awiri ndinalandira.

Tsiku lija ndinabwera kudzatenga kachipangizo kothandiza kumva, kamene adokotala anandiyeza nthawi yachisanu. Sindinakuuze, ndinkafuna ndikudzidzimutse. Atangondiika m'khutu ndinamva nsapato zanga zomwe pa simenti. Ndinati chinthu choyamba choti ndimve bwino chikhale mwana wanga akuphunzitsa. Ndinalowa limodzi ndi ana aja, n'kukhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, chipewa pa bondo.

Unaphunzitsa bwino. Unajambula mizere inayi pa bolodi, unati katundu, ntchito, chuma ndi anthu, zonsezi ziziyenda popanda wozitsekera njira. Unawaseketsa ndi nkhumba ya Toader. Ndinkafuna kukodola wa pambali panga n'kumuuza kuti uyo mukumuonayo ndinkamunyamula pa mapewa.

Kenako mtsikana wina wa juzi yofiira anaimika dzanja. Anati, "Aphunzitsi, azakhali anga amasamala nkhalamba ku Italiya, akhala zaka zisanu opanda mapepala. Akuopa kubwera. Nanga nthawi yodikira ija?" Iwe unamwetulira. Unati, "Nthawi yodikira ikukhudza kulembedwa ntchito zina, osati kuyenda, ndipo osamala okalamba ku Italiya sikuwakhudza n'komwe. Auzeni azakhali anu akwere basi mawa ndi chitupa chawo. Palibe lamulo lowaletsa kubwera, palibenso lowaletsa kubwerera." Unanena kawiri kuti alembe.

Ine sindinalembe, koma ndinamva liwu lililonse.

Sindikufunsa chifukwa chimene amayi ako sakubwerera kuno. Ndakhala milungu isanu ndi umodzi pakati pa mizere ya mphesa, chifukwacho ndachipeza, chili ndi manja ngati angawa. Chimene chikundiwawa ndi iwe. Mwana wa eni unamuuza zoona. Ine unandipatsa mawu oti ndiloweze n'kukalalikira kugolosale. Pa Pasaka unandiyang'ana m'maso tikugundanitsa mazira ofiira mwa mwambo wathu, n'kubwerezanso zomwezo.

Usaope, botolo sindinaligwire. Ndinakaliyang'ana kwa Toader, n'kubwerako. Kachipangizo kaja ndakaika m'kabati.

Usabwere kaye.

Gavril


Padova, 15 Julayi 2007

Tili,

Pa foni ndinangokuuza kuti usiye kulira, bambo ako sanasowe, nyumba unaipeza yotseka chifukwa anali kuno. Zotsalazo nazi.

Lachinayi ndikufika ku paki, mnzanga akundikodola, akuti, "Profira, mdala uyo wakhala pa benchi chiyambireni m'mawa akufunsa za iwe. Unamutola kuti?" Kuyang'ana, ndi iwo, atavala suti ya pa ukwati wa msuweni wako ija, kutentha konseku. Ndinaima pomwepo. Anaimirira, chipewa m'manja, koma sanayandikire.

Anati, "Profira, usaope. Basi yanga inyamuka lero lomwe, tikiti nayi." Anaitambasula patali kuti ndiione. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, iwo kumapeto kwinako.

Akuti anayenda tsiku ndi theka. Pa malire msilikali anangoyang'ana chitupa n'kuwabwezera. Akuti, "Ndinkafuna andifunseko kanthu, kaya andibweze kumene. Anangoti pitani, bambo."

Ndinagula buledi ndi tomato, tinadya. Anali atavala kachipangizo ka m'khutu kaja, ndiye sindinachite kukuwa. Anandifunsa ngati amandidyetsa bwino, ngati m'chipinda mwanga mumafunda nthawi yachisanu. Anandiwerengera amene amwalira m'mudzi chichokereni ine. Kenako ananena china chake cha Toader, ine ndinaseka, iwo n'kundiyang'ana pakamwa. Anati, "Dzino lija unaikitsa lina." Ndinati inde, chaka chatha. Kenako anati, "Linali Lachitatu pamene ndinaligulula, unali utaphika nyemba. Ndimakumbukira zonse, Profira. Ndinkanama ndikamati sindikumbuka." Analira ngati mmene analirira atamwalira amayi awo, anthu akungodutsa ndi agalu awo.

Sindinawagwire. Ndinafuna, dzanja linakana. Sanandifunse kuti ndibwera liti, ndipo pa chimenecho ndinawathokoza mumtima. Ndinawauza kuti bodza lija linali langa, iwe unangolinyamula. Anati, "Ndikudziwa. Koma anali ndi pakamwa pake."

Ndinawaperekeza ku basi. Akalamba, Tili, khosi la malaya lawakulira. Ndinabwerera mochedwa, ndinapeza Mayi Ada atadzinyowetsera. Ndinawasambitsa ndikulira, iwo akundisisita tsitsi, osadziwa kuti ndine yani.

Undikhululukire pokusenzetsa katundu wanga.

Amayi ako


Poiana Rece, 16 Seputembala 2007

Mwana wanga,

Ndili bwino, kaya iwe. Makalata ako onse anayi ndawerenga. Usalembenso zopepesa, zakwana. Mphesa chaka chino zapsa ndi chilala, koma maplamu alipo.

Ndili ndi funso. Manda akale adzaza, wansembe akugawa malo kumtunda kwa tchalitchi, ndipo akufuna aliyense anene mwezi uno usanathe ngati akutenga malo a munthu mmodzi kapena a awiri. Munthu akamwalirira ku Italiya, lamulo limalola kumubweretsa kwawo? Nanga amayi ako angafune? Ine sindingawafunse, angaganize kuti ndayambanso kuwakoka.

Undiyankhe ngati mmene umayankhira ana a eni aja.

Bambo ako


Iași, 24 Seputembala 2007

Ababa,

Ndikupsompsona dzanja lanu.

Lamulo limalola. Pamafunika mapepala angapo ndi bokosi lomata bwino, basi.

Amayi ndinawaimbira Lachinayi, n'kuwawerengera mawu anu mmene munawalembera. Kenako anati ndikuuzeni kuti mutenge malo a munthu mmodzi. Sanawonjezere china, nanenso sindiwonjezera.

Sukulu itsegulidwa pa 1 Okutobala. Ndisanakumane ndi ana atsopano ndikufuna ndibwere, ngati mundilola. Ndikwera basi ya Lachisanu masana. Loweruka tikwere limodzi kumtundako, musakasankhe nokha.

Mwana wanu,
Otilia